Masamba amene ndinachotsa pamsewu

Kampani ya kunja yogula thonje itabwera kudzatsegula nthambi yake pa Ngabu, woyamba kulembedwa ntchito ndinali ine. Nyumba ya ofesi ndinapeza ndine, mapepala a ku khonsolo ndinayendera ndine panjinga dzuwa likuswa mtengo, penti ndinapaka ndi manja angawa. Bwana amene anatumizidwa kuchokera kwawoko ankangokhala m'galimoto yozizira n'kumaloza ndi chala. Chichewa ayi, Chisena ayi, moni weniweniyu mpaka ndimukumbutse.

Kutatsala tsiku limodzi kuti titsegulire ofesi, bambo a nyumba yoyandikana nafe anamwalira. Ndiwo ankatipatsa madzi a pachitsime chawo pomwe tinkakonza nyumbayo. Achibale anayala masamba pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira, kuti wodutsa adziwe kuti pali maliro: wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa galimoto ayende pang'onopang'ono.

Ndinapempha bwana kuti mwambo wotsegulira tiusunthe masiku awiri okha. Akuti alendo akwera kale ndege. Ndiye nyimbo tisaike, ndinatero. Anavomera monyinyirika. M'mawa mwake anafika, n'kuyang'ana pamsewu, amvekere zinyalala izi zichoke, akuluakulu akubwera ndipo ajambula zithunzi.

Zinyalala! Ndinamufotokozera kawiri, katatu, mpaka pakhosi panauma.

"Ofuna ntchito yakoyi alipo ambiri," anatero.

Mkazi wanga anali woyembekezera, mapira anali atapita ndi madzi chaka chimenecho. Ndinawerama, abale inu. Ndinatola masambawo limodzilimodzi, ine mwana wobadwira pomwepa, nditamanga tayi ngati chitsiru. Amayi amene ankaimba pasiwa anasiya nyimbo pakati.

Kenako mayi wamasiye anatuluka, nsalu ili kumutu, n'kubwera mpaka pamene ndinaima. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Akukupingani, mwananga? Bweretsani, ndisunge ndekha."

Anawalandira m'manja mwanga n'kulowa nawo m'nyumba. Patangopita kanthawi magalimoto a alendo anadutsa liwiro, fumbi lonse pa anthu olira. Tinadula riboni, tinaomba m'manja, ndinamwetulira pachithunzi.

Kampaniyo inagula thonje zaka ziwiri basi, n'kuzula chikwangwani, n'kumapita. Bwana uja kaya amakumbukira n'komwe dzina la Ngabu. Ndikamuganiza mtima umawira mpaka lero. Anthu otere amabwera ndi mapepala a boma okwanira bwinobwino, koma kufunsa kuti kuno mumakhala bwanji, ayi, zimenezo n'zotaya nthawi. Komabe amene ndimakwiya naye kwambiri ndi uja anawerama. Bwanayo anali mlendo, ine ndinkadziwa.

Chaka chatha mayi anga anamwalira. M'mawa ndinatenga chikwanje, n'kudula nthambi za nimu, n'kupita nazo kumsewu. Amalume anandipeza panjira. Anazitenga m'manja mwanga pang'onopang'ono, anthu onse akuona.

"Iwe kakhale pansi," anatero. "Masambawa ayale wina."