Uthenga Wodzera Kukhitchini

Ndinafika ku Toronto m'nyengo yachisanu, chapakati pa zaka za m'ma 1970, nditavala jekete imene ku Zomba anthu ankaicheukira. Bambo amene anadzandichingamira pabwalo la ndege anangoiyang'ana kamodzi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Iyi ndi yopitira ku ukwati, mphwanga, si yokhalira moyo kuno."

Anavula chikhoti chawo n'kundiveka, iwo n'kuyenda ndi juzi yokha mpaka pagalimoto. Anali a msinkhu wa bambo anga, ndipo Amalawi ochepa amene tinali kumeneko tonse tinkangowatchula kuti Achikulire. Sitinali pachibale. Anangomva kutchalitchi kuti kukubwera mnyamata wakumudzi wopanda pofikira, basi nkhani inathera pomwepo. Ndinagona pasofa pawo ku Scarborough, m'nyumba zosanjikizana zija, mpaka sofayo inaphunzira msana wanga. Ntchito anandipezeranso ndi iwo, mu labu momwe ankagwira.

Labuyo inali ya payunivesite, koma ndalama zoyendetsera kafukufuku zinkachokera ku boma. Tinkayesa zipangizo za m'chipatala. Achikulire ndiwo ankapanga ndi kukonza zida zoyesera, ine wanga unali kutsuka mabotolo ndi kulemba zimene mamita akuonetsa. Ankaikonda ntchito yawo moti ankafika ena onse asanabwere, n'kumaimba nyimbo za m'buku chapansipansi akupukuta benchi lawo.

Akazi awo, amene ine ndinkangowati Mayi, anali namwino. Akaweruka ankakonda kudandaula za diripi. Ankati ukangotembenuka, madontho ayamba kuthamanga, kapena botolo latha wina asanaone. Kenako nkhani inkapita kumudzi, kuchipatala cha mishoni kumene anaphunzirira ntchito, kumene namwino mmodzi ankayang'anira wodi yonse. Achikulire ankangomvetsera. Koma nthawi ya nkhomaliro kulabu anayamba kusema tizidutswa ta pulasitiki totsala, n'kumatiyesa pamamita athu aja. Patapita miyezi kanatuluka kanthu kooneka ngati pegi yoyanikira zovala. Ukakapanitsa pachubu cha diripi madontho ankagwa mofanana, ndipo botolo likatha kankatseka kokha. Ankakatchula kuti kamwana kanga, ndipo ankayenda nako m'thumba la malaya.

Tsiku lina mkulu wa labu anatiitana tonse. Anali mzungu wamtali wowonda, wodya apulo ali chiimire ngati wina amulanda mpando. Achikulire kunalibe, anapita ku Brampton kukathandiza pamaliro a m'bale wina wa ku Zambia. Mkuluyo anati ndalama zatsopano zabwera ndi lamulo. Chilichonse chatsopano chimene munthu wapanga ndi zida za mu labu, kapena pa nthawi ya ntchito, chiyenera kukanenedwa ku ofesi ya yunivesite, ofesiyo n'kudziwitsa boma. Usanatero sungachionetse kunja, sungachipereke kwa munthu, sungachilembe pena paliponse. Wina akaphwanya, labu yonse ikhoza kulandidwa ndalama. Anthu akubalalika anandikodola.

"Kapegi ka mnzako kaja ndakaona, ndi kabwino kwambiri. Umuuze abwere nako kwa ine asanaonetse wina aliyense. Mawa ndikupita kumsonkhano, ndikakhalitsa. Umuuza eti?"

Ndinati inde. Koma mawu akuti mnzako aja anandinyansa. Mnzanga? Munthu wa imvi, ngati tinkawetera limodzi mbuzi? Azungu amaganiza kuti anthu awiri akachokera dziko limodzi ndiye kuti amangouzana zinthu ngati ana a sukulu. Iye kwake anali atamaliza, katundu anali pamutu panga.

Mawa lake ndinakhala pambali pa Achikulire m'sitima yapansi panthaka, kuchokera m'tauni mpaka kusiteshoni ya Warden, kenako m'basi. Mawu ndinali nditawakonza bwinobwino, koma akafika pakhosi ankabwerera. Ndikanayamba bwanji? Kuti bambo, kamwana kanuko si kanu? Kuti musapatse munthu mpaka akuluakulu akuloleni? Ine, wovala chikhoti chawo, wonunkha sopo wa m'bafa mwawo? Komanso masiku amenewo mawu akuti kukanena ku boma sankatuluka bwino m'kamwa mwa Mmalawi. Ambiri mwa ife tinali ndi wachibale amene anagona m'chitokosi chifukwa wina anakanena. Ndinkadziwa kuti boma la kuno ndi lina ndipo nkhani yake ndi ina, koma lilime silidziwa malire a mayiko. Tinatsika basi tikukamba za mtengo wa matayala a m'chisanu.

Ndiye ndinachita zimene ndinaleredwa nazo. Kwathu nkhani yolemera supita nayo pamaso pa wamkulu, umaidzeretsa kwa munthu amene angaifikitse bwino. Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinalowa kukhitchini, kumene Mayi ankasenda mbatatesi, n'kukhala pakampando.

"Mayi, pali kankhani kakang'ono ka kuntchito."

"Walakwa chiyani?"

"Ayi, si ine. Ndi za kachipangizo ka Bambo kaja. Abwana akaona, akayamikira kwambiri. Ndiye akuti pali ka procedure kena, kuti zinthu ngati zimenezi amayamba aziripota ku ofesi. Akuti zikanakhala bwino Bambo akanawaonetsa kaye."

"Aa, ndi zabwinotu zimenezo. Ndiwauza."

Mwamva mmene ndinaichepetsera. Lamulo ndinalisandutsa kankhani, choletsa ndinachisandutsa zikanakhala bwino. Za kulandidwa ndalama sindinatchule n'komwe, ndinaona ngati kungakhale kuopseza akuluakulu m'nyumba mwawo. Mayi nawo anachita mbali yawo monga mkazi wodziwa mwamuna wake. Anadikira kuti adye kaye, akhute, ndipo ine ndili pomwepo patebulo anati:

"Bambo, mwanayu akuti mabwana anu akasangalalira kamwana kanu kaja. Akuti mukapeza mpata mukawaonetse."

"No problem," anatero Achikulire, nkhope ili ngwee. "Ndidzawaonetsa kakamalizika. Munthu suonetsa mwana asanasambe."

Anandiyang'ana mokondwa. Apa ndiye panali poti ndinene kuti pepani Bambo, si choncho, ndi lamulo. Ndinagwedeza mutu n'kutapa mbatatesi ina. Ndinadziuza kuti uthenga wafika, zotsalazo ndidzawonjezera tsiku lina tikadzakhala awiri. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Pasanathe mwezi kutchalitchi kwathu kunabwera mlendo, dokotala wachizungu amene ankagwira ntchito pachipatala china cha mishoni kwathu, atabwera kutchuthi. Mapemphero atatha tinatsikira m'chipinda chapansi kukamwa tiyi. Sindinadziwe kuti Achikulire abwera atakonzeka. Anatulutsa botolo la madzi, chubu ndi kapegi kaja, n'kundiitana.

"Mphwanga, tagwira botololi m'mwamba."

Ndinagwira. Madontho anagwa mwadongosolo, botolo linatha, kapegi kanatseka, anthu anaomba m'manja. Mayi ena a ku Mulanje anayambitsa nyimbo. Dokotala uja misozi inalengeza. Achikulire anamupatsa thumba lodzaza timapegi pamodzi ndi zojambula zake zonse, kuti akapeze amisiri kumudzi azikapanga okha. Wina anajambula chithunzi, ndipo chinatuluka m'kanyuzi ka mpingo. Pachithunzipo ine ndili kumbuyo, mkono uli m'mwamba, ndikumwetulira ngati munthu wopanda chimene akudziwa.

Si akazitape amene anakapeza kanyuziko ayi. Achikulire anakakhoma okha pabolodi la mu labu, pafupi ndi ketulo, kuti anzawo asangalale nawo. Mkulu wa labu atabwera kuulendo wake anaima pabolodipo nthawi yaitali, apulo ali m'manja osaluma.

Anatiitana ku ofesi tonse awiri. Kunali iye ndi mayi wina wa ku ofesi yoona za mapangano ndi boma, wolankhula mofatsa koma wosaphethira. Mayiyo anafotokoza kuti kachipangizoko kanapangidwa ndi zida zogulidwa ndi ndalama za boma, kaperekedwa kunja kwa dziko popanda kunenedwa, ndipo tsopano yunivesite iyenera kukayankha. Anati chimene akufuna kudziwa n'chimodzi: kodi munthuyu anachita mosadziwa, kapena anauzidwa n'kunyozera? Mkulu wa labu anatembenukira kwa ine.

"Ndinakutuma. Unamuuza?"

Ndinaona ntchito yanga ikulendewera, ndi mapepala anga okhalira m'dziko pamodzi. Ndinati, "Inde, uthenga ndinapereka." Mwa kwathu sindinaname. Koma ndinkadziwa bwino lomwe chimene azunguwo amva. Ndikanafotokoza za khitchini, za mbatatesi, za kankhani kakang'ono, mwina akanaseka, mwina akanandichotsa ine, koma akanadziwa kuti bamboyu sananyozere dala.

Achikulire anandiyang'ana. Sikunali kuyang'ana kwaukali. Ndinaona m'maso mwawo akubwerera patebulo paja, akumvanso mawu a akazi awo, akuwayeza ndi zimene amva tsopano. Anali munthu wanzeru, sizinawatengere nthawi. Anakonza tayi yawo n'kuyankha m'Chingelezi chawo chodekha chija kuti inde, uthenga unafika kunyumba, mnyamatayu anachita mbali yake, wolakwa ndi iwo.

Sanawathamangitse tsiku lomwelo. Kuno sachita zaphokoso, amangodikira kontirakiti yako ithe n'kukuuza mwaulemu kuti saiwonjezera. Kalata inapita kumishoni yopempha kuti asapange timapegi mpaka nkhani itakambidwa, ndipo mmene ndikudziwira ine sinakambidwe mpaka lero. Chimene chimandiwawa n'chakuti mkulu wa labu anadzandiuza yekha kuti Achikulire akanakanena poyamba, mwina chilolezo chotumiza kuzipatala za mishoni chikanapezeka. Lamulolo silinali loipa. Linkangofuna munthu wolinena mmene lilili.

Achikulire anapeza ntchito ku Mississauga, m'nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege, yowerenga makatoni. Manja amene ankasema kanthu kochepa ngati chikhadabo anayamba kung'ambika ndi chisanu. Benchi lawo kulabu anapatsa ine, malipiro n'kukwera. Ndinalandira, ndisaname. Koma m'mawa uliwonse ndikatsegula kabati n'kupeza zida zawo zitandandalikidwa mwa dongosolo lawo, chakudya chinkandikanika. Kwathu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo ine ndinkaziona ndi maso Lamulungu lililonse, Achikulire akulowa m'tchalitchi akutsimphina chifukwa cha msana.

Ndinasamuka pasofa paja n'kupeza chipinda changa, koma sanalole kuti ndisowe. Ndikajomba Lamulungu limodzi foni inkalira. "Mphwanga, wadwala? Mayi ako aphika, bwera." Ndinkapita, n'kumayembekeza kuti tsiku lina andikalipira, ndipepese, tithane nazo. Kangapo ndinayamba ndekha. "Bambo, za nkhani ija." Iwo ankangokweza dzanja. "Zinapita zimenezo. Tandipatsa mchere." Mayi okha ndi amene anasintha pang'ono. Sanandinenepo kanthu, koma ndikalowa kukhitchini ankandipatsa mbale kuti ndipititse kutebulo, kampando kaja sanandilozerenso.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo ndinapeza mbeta, namwino wa ku Dedza amene ankagwira ntchito limodzi ndi Mayi. Ukwati sungayende popanda ankhoswe, ndipo malume anga anali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Panalibe wina woti ndimupemphe. Ndinachita manyazi mpaka ndinafuna kudzeranso kwa Mayi, kenako ndinadzigwira, n'kupita ndekha kukagogoda. Achikulire anavomera ndisanamalize kulankhula.

Chinkhoswe chinachitikira m'chipinda chapansi chomwe chija cha kutchalitchi. Akuchikazi anali ndi wamkulu wawo, bambo wina wa ku Brampton wokonda mafunso. Mwa mwambo anafunsa kuti mnyamata amene akufuna mwana wawoyu ndi wamakhalidwe otani. Achikulire anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, atavala suti imene ankapita nayo kulabu masiku a alendo.

"Mwana uyu ndamusunga m'nyumba mwanga," anatero. "Ana a masiku ano akafika kuno amayamba kulankhula ndi akulu ngati anzawo, you know, straight pamaso. Uyu ayi. Uyu ndi woleredwa. Chifikireni sanandiuzepo mawu olimba ngakhale amodzi. Ngakhale nkhani itavuta chotani, amadziwa kudzera kukhitchini."

Anthu anaseka, amayi analulutira, wamkulu wa kuchikazi anagwedeza mutu kukhutira. Ndinafufuza nkhope ya Achikulire kuti ndione ngati akundibaya, koma munalibe mbola m'menemo. Ankanena zoona, ndipo ankanyadira. Ulemu umene unawachotsa pabenchi lawo ndi umene anaupereka ngati umboni wondipezera mkazi.

Mkazi wanga wam'tsogolo anandigwira chigongono n'kundinong'oneza kuti ndidzutse nkhope, anthu akujambula. Ndinaidzutsa. Chithunzicho chilipo m'nyumba mwathu, ndipo ana athu akachiona amati adadi analira ndi chimwemwe.