Tsiku limene Lahcen anasenza njinga ya Marcel

Marcel Dudek sanalowepo mumgodi. Bambo ake ndi agogo ake aamuna, amene anachokera ku Poland, ndiwo anadya fumbi la malasha mpaka nalonso linawadya. Iye pofika msinkhu wotsika pansi, migodi ya kuno kumpoto kwa France inali ikutsekedwa umodziumodzi, choncho anakalowa ntchito yopereka makalata. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi anapalasa njinga khomo ndi khomo m'mizere ya nyumba za njerwa zofiira, kaya mvula kaya chisanu. Sanalemere, sanatchuke. Chimene anatulukamo nacho ndi miyendo basi, ndipo ankainyadira mopitirira muyeso.

Lamulungu lililonse m'mawa ankakumana anthu khumi opalasa njinga pa mlatho wakale. Ankadutsa m'tinjira ta miyala momwe kale munkayenda sitima za malasha, n'kuzungulira mapiri akuda a zotsalira za mgodi amene kuno timangoti zulu, kenako n'kubwerera m'mbali mwa ngalande. Kungalandeko ndi kumene munthu amadziwika. Njira yake ndi yowongoka, yopanda pobisala, ndipo mphepo imakumenya pachifuwa penipeni. Ndiye amandandalika mzere umodzi, wakutsogolo n'kumang'amba mphepo kuti anzake apumire kumsana kwake. Akatopa amapatuka n'kubwerera kumchira, wina n'kutenga malo. Wozemba gawo lake kutsogolo amamwa naye khofi inde, koma ulemu samupatsa.

Marcel ankatenga gawo lake ndi la anzake awiri. N'chifukwa chake anamutcha Hatchi, poti kale mabwato a malasha ankakokedwa ndi mahatchi m'njira yomweyo. Kumbuyo kwa tayala lake nthawi zonse kunkakhala Lahcen Amzil, mnzake wa kusukulu, mwana wa mmodzi mwa anthu amene anabwera kuchokera ku Morocco kudzakumba malasha. Lahcen anali woonda, wosayankhulayankhula, koma Marcel akatembenuka ankamupeza pomwepo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, Marcel anayamba kumva miyendo ikumukana. Poyamba ananamizira chimfine, kenako matayala. Tsiku lina anapatuka kutsogolo asanafike n'komwe pa mtengo umene ankapatukira, ndipo Mayi Ginette, namwino wopuma ntchito amene ankatsogolera gululi ndi pakamwa pake, anakuwa kuti, "Kodi lero Hatchi sanaipatse udzu?" Onse anaseka, iyenso anaseka, koma mtima unamuwawa sabata yonse.

Munthu wanzeru akanangonena kuti anzanga, ndakula. Panalibe amene akanamudya. Koma Marcel anakweza njinga m'galimoto, n'kuwoloka malire kupita ku Belgium kwa makaniko wina amene safunsa mafunso. Kumeneko anamubisira kamota m'paipi ya pansi pa chishalo. Batire lake linali m'botolo looneka ngati la madzi, ndipo kabatani anakakwirira pansi pa nsalu yokulunga chiwongolero. Ngakhale mkazi wake Josiane sanamuuze.

Hatchi inabwerera, ndipo inabwerera ndi mwano. Akafika kungalande ankadina kabatani ndi chala chaching'ono, phokoso la miyala n'kubisa kulira kwa mota, mzere wonse n'kutambasuka kumbuyo kwake. Achinyamata a zaka makumi anayi ankaluma mano kuti asatsale. Koma Lahcen anayamba kutsala. Lamulo la gululi ndi lakuti sasiya munthu panjira, ndiye ankamudikira pa mlatho, iye n'kutulukira patapita mphindi zisanu ali wefuwefu, milomo itayera.

"Aise Lahcen, unaima kuwedza nsomba kodi?" anatero Marcel tsiku lina. Inde, iye mwini, ndi pakamwa pake.

"Sindikudziwa chandigwira," anayankha Lahcen atatsamira chiwongolero. "Tinabadwa chaka chimodzi ine ndi iwe, koma taona."

"Uchepetse makeke a mayi akunyumba, bwanawe."

Pofika mwezi wa September, Lahcen anasiya kubwera. Marcel anaimba foni kamodzi, anamva mawu ozizira akuti ndikupuma kaye, ndipo sanaimbenso. Ankadziwa chimene wachita. Lamulungu lililonse ankalumbira kuti lero sindidina, koma mphepo ikangomufika pachifuwa chala chinkapita chokha. Podutsa pa msewu wa kwa Lahcen ankayang'ana kumbali ngati pali chosangalatsa pa mpanda wa anthu ena.

Kumayambiriro kwa December kuli tsiku la Barbara Woyera, amene anthu a m'migodi amati ndiye ankawasunga pansi. Wopemphera ndi wosapemphera, Mkhristu ndi Msilamu, tsikulo ndi la onse amene ali ndi wawo amene anatsikapo mumgodi. Gulu la Marcel limakwera chulu chachikulu cha pamwamba pa dzenje la mgodi lachisanu ndi chinayi. Chakumapeto kwake n'kotsetsereka kwambiri, njinga umachita kusenza paphewa. Ndipo pali mwambo wake: palibe amene amasenza njinga yake. Aliyense amasenza ya mnzake, monga mmene makolo awo ankanyamulirana zida potuluka pansi.

Marcel anali atawerengera kale. Zaka zonsezi ankasinthana ndi Lahcen. Popanda Lahcen atsala asanu ndi anayi, mmodzi adzasowa mnzake, ndipo mmodziyo adzakhala iye. Anafika m'munsi mwa chulu ali patsogolo, akuimba mluzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pa benchi ya pansi pa mitengo panakhala munthu wovala jekete lalitali ndi nsapato zoyendera m'tauni, ndipo anaimirira atawaona.

"Ndabwera pa basi," anatero Lahcen. "Njinga ndilibe, koma phewa ndili nalo. Bweretsa kuno, Hatchi."

"Ayi, usavutike mnzanga, thupi lako silili bwino."

"Iwe Marcel, usatichedwetse," anatero Mayi Ginette. "Munthu wadzuka m'mawa kudzasunga mwambo, iwe ukuti chiyani? Mpatse."

Anamupatsa. Akanatani? Lahcen anagwira paipi, n'kuikweza, n'kuima kaye. Munthu amene wasenza njinga imodzimodzi zaka zambiri amadziwa kulemera kwake monga mmene mayi amadziwira mwana wake kumsana. Anaitsitsa, n'kuikwezanso. Anakhudza botolo lija, n'kuligogoda ndi chala, ndipo silinalire ngati muli madzi. Kenako anayang'ana Marcel. Sanakwiye, sanamwetulire, anangomuyang'ana, n'kuiika paphewa n'kuyamba kukwera.

Marcel wayendapo maulendo ambiri ovuta, koma uwu unaposa onse, chikhalirecho anali chimanjamanja. Ankayenda kumbuyo kwa mnzake, akuona nsapato za m'tauni zikuterereka m'dothi lakuda, akumva mpweya ukulira m'khosi mwake. Kawiri anatambasula dzanja kuti athandize, kawiri Lahcen anakankha dzanjalo ndi chigongono. Manyazi anamugwira Marcel mpaka makutu anatentha, mphepo yozizira ija osaimva n'komwe. Ankangodikira kuti mwina pano anena, mwina pa mwala uwo anena. Lahcen anangopitiriza kukwera.

Anafika pamwamba ali omalizira. Anzawo anali atatsegula kale mafulasiki a khofi ndi kugawana buledi wopaka batala, chakudya chimene makolo awo ankatsika nacho pansi. Lahcen anatsitsa njinga bwinobwino n'kukhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo.

"Koma Lahcen watha basi," anatero Mayi Ginette, akumupatsa kapu. "Kanjinga kopepuka ngati nthenga kameneka kakukuchititsa chonchi? Ubwere kwathu ndikakuyeze, mdala."

"Ndi ukalamba, mayi," anayankha Lahcen. "Palibe china."

Pamenepo ndi pamene Marcel analephera kupirira. Akanamuulula, bwenzi atakana, atakalipa, mwinanso atanamizira makaniko. Koma kumubisira! Anadzuka, n'kukweza tayala lakumbuyo, n'kudina kabatani pamaso pa onse. Zopalasira zinayamba kuzungulira zokha, popanda phazi, tayala n'kumalira m'mwamba. Pamwamba pa chulu panalibe miyala yobisa phokoso.

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kuseka. Wina anatukwana chapansipansi. Mayi Ginette, amene sanasowepo chonena chibadwire, anatseka fulasiki pang'onopang'ono.

"Kuyambira liti?" anafunsa.

"Kuyambira mu April."

"Ndiye tonsefe timathamangitsana ndi batire? Mwamuna wamkulu ngati iwe, wa zidzukulu!"

Marcel anazyolika. Za dzina lake analibenso nazo ntchito, linali litapita. Anadikira kuti anzake ayambe kutsika, n'kupita kukakhala pafupi ndi Lahcen, amene ankayang'ana kumunsi kumene ngalande inkadutsa pakati pa madenga.

"Ndikhululukire, mnzanga. Ndinkaopa kutsala. Palibe chifukwa china."

"Ukanatsala ukanandipeza," anatero Lahcen. "Ndinali kumbuyo komweko."

"Bwerera Lamulungu. Ndichotsa chinthuchi lero lomwe. Tiziyenda awiri kumchira, azitidikira pa mlatho."

Lahcen anatembenuza kapu m'manja.

"Bambo anga anayamba chonchi," anatero. "Ankatsala pokwera masitepe, osadziwa chifukwa. Patapita zaka ziwiri tinawanyamula m'bokosi. Ine nditayamba kutsala kumbuyo kwako ndinati basi, matenda a bambo aja afika. Dokotala anandijambula katatu, akuti mapapo ali bwino, ine osamukhulupirira. Ndinati dokotala angadziwe chiyani, poti Marcel ndi msinkhu wanga ndipo akundisiya? Njinga ndinapatsa mkamwini wanga. Mu October ndinapita kwathu kumapiri a ku Morocco, ndinakaonetsa achimwene anga malo oti adzandiike, pafupi ndi bambo. Mkazi wanga wakhala akulira mobisa miyezi itatu, akuganiza kuti sindikumuona."



Lahcen anadzuka, n'kusasa fumbi lakuda pa jekete lake.

"Za ine zisiye," anatero. "Madzulo ano ubwere kunyumba. Ukamuuze wekha mkazi wangayo kuti mwamuna wake sakufa. Ine ndikamuuza sakhulupirira."