Khomo la a Dominiko

Ellina anawaona koyamba a Dominiko pa nthawi ya pemphero. Chimwalirireni amuna ake sankatha kutsinzina m'tchalitchi, ndiye mpingo wonse utaweramitsa mitu, anaona nkhalamba ina kumbali ya abambo itacheuka, ikuyang'ana khomo.

Anali mmisiri amene anamanga tchalitchi cha Baptist chimenechi, cha kufupi ndi Ndunde. Makolo awo anachokera ku Mozambique. Iwo ntchito anaiphunzira ku Blantyre ali mnyamata, pokonza makoma a matchalitchi akale, ndipo atabwerera kumudzi anamanga khomo lopindika pamwamba ngati uta, la njerwa ndi dothi basi, lopanda simenti kapena chitsulo.

"Sindinayeze ndi tepi ayi," anamuuza Ellina tsiku lina atamupeza akusesa pakhomopo. "Ndinaimika amuna sikisi, atatu uku atatu uku, atasenza thabwa. Munthu polowa komaliza azilowa chowongoka."

Ellina anakumbukira kuti amuna ake analowadi choncho.

Namondwe atang'amba khoma lakumaso, komiti inagwirizana zogwetsa khomolo n'kuikapo chitseko chachitsulo, poti akuba anali atatengapo kale masipika. A Dominiko anapempha kuti alikonze okha. Anthu anangoyang'ana manja awo onjenjemera.

"Agogo, njerwayo ikafika pakhoma kapena paphazi panu?" anatero a Frackson, apampando a komiti, ndipo anthu anaseka.

Mawa lake a Dominiko anafika kwa Ellina, chipewa chili m'manja. "Inu munapitako kusekondale, mayi. Mukandilankhulireko."

Lamlungu mapemphero atatha, Ellina anaimirira ndi pepala limene analemba masiku atatu. Maso onse anatembenukira kwa iye. Anati, "Zikomo apampando." Anapinda pepala lija osaliwerenga. Anakhala pansi.

Chitseko chinabwera kuchokera ku Limbe, chobiriwira, chopapatiza. Pa maliro oyamba onyamula anachita kupendeketsa bokosi kuti lilowe, ndipo mkati mwake munamveka kugunda. A Dominiko anatuluka nyimbo isanathe. Sanapondemonso.

Atamva kuti agonekedwa kuchipatala cha Namitambo, Ellina anawatengera nthochi. Anakhala pamphepete pa bedi akufuna kupepesa. Asanayambe, iwo anamugwira dzanja.

"Ulendo uno musachite kulemba papepala, mayi. Mukangowauza kuti ine mwambo wanga udzachitikire panja."