Tsiku Limene Ndinasanduka Mzungu

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, m'zaka zija za Chitaganya, pamene ndinakwera galimoto koyamba. Kwathu kunali kufupi ndi Nsaru, ndipo galimoto ikadutsa, ana tonse tinkathamangira kumsewu kukanunkhiza utsi wake.

Tsikulo mlongo wanga wakhanda, Yohane, anadzuka thupi lili moto, akukana bere. Abambo, amayi ndi ine tinauyamba wapansi kupita kuchipatala cha mishoni, mvula ikuwaza. Titafika padambo tinapeza galimoto yopanda denga kumbuyo itatitimira m'matope. Mwini wake anali mzungu wa pa esiteti ya fodya, nkhope itafiira psuu. Ndevu zinali zisanamere bwino n'komwe.

"Boyi! Bwera, kankha!" anatero poitana abambo, amene anali kale ndi imvi.

Abambo anavula chipewa. Anaitana amuna awiri amene ankabandira fodya chapafupi, nadula nthambi n'kuziyala pansi pa matayala. Atakankha kachitatu galimoto inatuluka, n'kuwawaza matope mpaka m'makutu. Mzungu anaseka, ifenso tinaseka. Apo abambo anapempha kuti atitengeko, poti mwana anali atadwalika. Iye anavomera msanga, akumwetulira, natilozera kumbuyo. Kutsogolo, pampando wofewa, panali patakhala galu wake wamkulu waubweya wambiri.

Ine sindinaone cholakwika chilichonse. Mitengo inkathamangira kumbuyo, mphepo ikundilowa m'kamwa, ndipo ndinkakuwira aliyense amene tinkamupitirira kuti andione. Amayi anafunditsa Yohane nsalu yawo, abambo n'kuwerama pamwamba pawo kutchinga mvula ndi msana. Galu uja ankatisuzumira pagalasi, ali gwa, osanyowa ndi pang'ono pomwe.

Yohane anamubaya jakisoni, ndipo patatha masiku atatu anayambanso kuyamwa. Mitima itakhala pansi pakhomo, ine ndinapeza mpata wotchuka. Ndinasonkhanitsa anzanga kuseri kwa chigafa cha fodya, pamene panali chipika chachitali. Chimenecho ndiye chinali galimoto. Ndinadzola phulusa kumaso, n'kumalankhulira m'mphuno Chingerezi chimene ngakhale mwini wakene sindinkachimva. Anzanga ndinawakhazika kumbuyo. Pambali panga ndinaikapo galu wathu, Kambuku, koma iye ulemuwo sankaufuna. Ndikamukhazika, ankathawa. Ndinachita kumumanga ndi luzi.

Masewera ali mkati, amalume anga, a Lufeyo, anadutsa, khasu lili paphewa. Anali munthu wamkulu, woyang'anira banja lathu lonse, amene ngakhale amayi ankawalankhula atagwada.

"Boyi! Bwera, kankha!" ndinakuwa.

Amalume anaima, nandiyang'ana, nayang'ananso Kambuku womangidwayo. Ndinaona kuti akulimbana ndi kuseka. Koma abambo, amene anali m'chigafamo, sanaseke. Anandituma kukasamba kumaso, kenako kukagwada pamaso pa amalume n'kupepesa anzanga onse akuona. Ndinkadikira mkwapulo, koma sunabwere. Anangondikhazika pachipika chomwecho.

"Esinati, kodi mawu aja unamva akundiitanira padambo anakukomera, eti?"

Ndinayamba kukumba pansi ndi chala chakuphazi.

"Ine sanandikomere," anatero. "Ndinameza chifukwa mlongo wako ankafunika kufika kuchipatala. Mnyamata uja ndikhoza kumubala. Sadziwa dzina langa, ndipo sanalifunse. Koma iwe amalume ako ukuwadziwa dzina. Nanga amayi ako, pamene ankanyowa ndi mwana wodwala, iwe unawaona?"

Sindinawaone. Ndinali nditaona mitengo, liwiro, ndi galu. Manyazi anandigwira kuposa mmene mkwapulo ukanandipwetekera. Amalume ndiwo anandipulumutsa. Anamasula Kambuku, nati, "Bwana wamng'onoyu mukhululukireni, alamu. Galimoto yake ilibenso matayala." Onse anaseka, abambo omwe. Dzina loti Bwana linandimamatira mpaka ndinakwatiwa.

Lero ndikaganiza, mzungu uja sanali wankhanza. Anatinyamuladi, ndipo mwina madzulo ake anasimbira anzake za chifundo chimene anachita. Kungoti chibadwire panalibe anamuchititsapo kuganiza zoti kutsogolo kuyenera kukhala yani. Dziko linali litamukonzera kale malo, iye n'kumangokhalapo. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ine, mwana wa anthu okhala kumbuyowo, ulendo umodzi wokha unandikwanira kuphunzira kuona momwemo.

Ndipo zophunzira paubwana sizichoka msanga. Pano ndine nkhalamba, ndili ndi zidzukulu zophunzira, koma ndikaima pamzere m'sitolo, mzungu n'kutulukira kumbuyo kwanga, miyendo yanga imayamba yokha kufuna kupatuka. Ndimachita kuiuza kuti iime pomwepo, chifukwa ndinayamba kufika ndine.