Tsiku limene ndinakazenga mlandu kochi wa mwana wanga

Lamulungu lapitali ndinachita manyazi pa bwalo la masewera cha ku Finglas, kuno ku dziko la Aairishi, ndipo manyaziwo ndinadziputira ndekha.

Mwana wanga Takondwa ali ndi zaka 24. Kwa zaka zitatu wakhala akusewera mpira wachimereka, uja wa zipewa zolimba ndi mapewa onga a munthu amene wabisa mapilo m'malaya. Kwa zaka zitatu zomwezo ine ndakhala ndikuutcha ndewu ya anthu okhuta. Akandiitana kuti ndikaonere ndinkati ndili ndi shifiti ku chipatala, ndipo nthawi zina zinkakhala zoona. Kenako anangosiya kundiitana. Kusiyako kunandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndiye sabata yatha, akutsuka mbale, osandiyang'ana n'komwe, anati Lamulungu kuli masewera, ngati ndikufuna. Ananena m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Mwanayu anabwera kuno ali ndi zaka zinayi. Chichewa amamva chonse, ngakhale cha miseche, koma kuyankha amayankha m'chizungu. Anawonjezera pempho limodzi lokha: ndisakachite chilichonse chomuchititsa manyazi.

Ndinalonjeza. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, n'kukwera mabasi awiri kuchokera ku Mulhuddart kumene timakhala, ambulera ili m'manja.

Musaiwale kuti ine ndine munthu wa ntchembere mbaye. Ku sekondale ndinkasewera kumbuyo, ndipo zigawo zonse zinayi ndinkamaliza osapempha madzi. Kwathu wokhala pa benchi ndi uja sadziwa mpira, kapena uja aphunzitsi akumusungira kampeni kumphasa. Chifukwa chachitatu sindinachimvepo.

Masewera atayamba, Takondwa munalibe m'bwalo. Anaima m'mbali, chipewa chili m'manja. Patapita nthawi anathamangira m'kati, anthu anagundana kamodzi, iye n'kutulukanso. Kenako kudikira kwina. Ndinayamba kuwerenga. Pofika nthawi yopuma anali atalowa kasanu ndi kamodzi, ndipo mutaphatikiza nthawi yonseyo, madzi a tiyi sangawire.

Mtima wanga ndiwo unawira. Mwana amene amandithera mazira m'nyumba, amene amapita ku jimu mvula ikugwa, angoima ngati mlonda? Ndisabisenso, ganizo lija timalidziwa tonse okhala kunja kuno linafika: kodi si khungu limeneli?

Ndinadumpha chingwe chotchinga oonerera, chikwama chili kukhwapa, n'kulunjika kwa kochi, bambo wachiairishi wa ndevu za imvi. Ndinatulutsa Chingerezi changa cha ku wodi, chija chosaseka. Ndinati ndine mayi ake a nambala 52. Ndinati ngati mwanayo wachita mwano andiuze ndikathane naye ndekha kunyumba, koma asamuimike padzuwa ngati chimanga cha mbewu. Dzuwa lake kunalibe, koma mawu anali atatuluka kale.

Anyamata onse anatembenuka kundiyang'ana. Takondwa anavala chipewa chake chija, ngakhale sinali nthawi yolowa m'bwalo, n'kundifulatira.

Kochiyo sanaseke, ndipo pa chimenechi ndidzamulemekeza mpaka kale. Anati, "Mayi, mwana wanu sitikumulanga. Tikumusunga."

Anatenga kabolodi kake n'kundijambulira. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi khumi. Koyamba ndi kachiwiri ikhoza kuthamanga nawo mpirawo kapena kuuponya pafupi. Koma ikafika kachitatu mtunda ukadali wautali, singachitire mwina koma kuponya patali. Woponyayo, amene amati quarterback, amafuna kamphindi koti aime, ayang'ane, asankhe womuponyera. Ntchito ya Takondwa ndi kumulanda kamphindi kameneko. Amaima kumapeto kwa mzere, kunja kwa zimphona zimene zimatchingira woponyayo, pamalo otchedwa outside linebacker. Mpira ukangoyamba amazungulira cham'mbali, ngati mbuzi yodziwa pamene mpanda unathyoka.

Anati ngakhale ku America, kwa anthu amene mpirawu ndiye ntchito yawo, zimayenda chomwechi. Ena amasewera pafupifupi nthawi yonse, koma timu yanzeru imasunga awiri kapena atatu n'kumawasinthasintha, kuti chimphona chotchinga chija chikamafika kumapeto chili wefuwefu, chizikumana ndi miyendo yatsopano. Ena amalowa pa mwayi wachitatu basi. Waluso kwambiri amamuika mbali imene woponyayo wafulatira, kapena kumusuntha kuti akapeze wotchinga wofooka. Nthawi zina amangoopseza ngati akubwera, kenako n'kubwerera m'mbuyo kukatseka njira ya mpira, mnzake n'kutulukira mbali inayo. Ndipo akatswiri a ntchito imeneyi, anatero kochiyo, ali m'gulu la olemekezeka kwambiri pa timu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, koma ndinafunsa nditameza kale.

Ndinabwerera kuseri kwa chingwe, ndipo nditakhala pansi ndinayamba kudzizenga mlandu ndekha. Kodi si mmene ambirife timayezera munthu? Timawerenga maola amene tamuona ataimirira. Pa ukwati timayamika mayi amene wakhala pa mapoto tsiku lonse, ndipo n'koyenera, koma uja anaimba foni imodzi holo itatsala pang'ono kutilephera timati sanaoneke. Ana athu amene akuchita maphunziro apamwamba m'mayunivesite a kunoko, abale kumudzi amawafunsa kuti, mukungowerengabe, nanga ntchito mudzayamba liti?

Ku wodi kwathu kuli namwino wina wamkulu amene ndinkamunena mumtima kuti ndi waulesi. Ife tikupiringizika ndi mabedi, iye amakhala pa desiki, maso ali uku ndi uku. Tsiku lina gogo wina anatsamwa ndi chakudya. Ife otanganidwafe tisanatembenuke n'komwe, iye anali atafika kale. Ndinathokoza Mulungu tsiku limenelo, koma phunziro lake sindinalitenge. Ndinachita kudikira kochi wa ndevu kuti andijambulire pa bolodi.

Za khungu zija, tsankho liliko, ndipo sindingakuuzeni kuti kulibe. Koma Lamulungu lija sindinalipeze pa bwalo. Ndinabwera nalo ndekha m'chikwama.

Chimene chinkandidya kwenikweni si nzeru zonsezi ayi. Mwana anandipempha chinthu chimodzi, ine n'kuchiphwanya chigawo choyamba chisanazizire. Chigawo chonse chachiwiri sanayang'ane kumene ndinakhala ngakhale kamodzi. Ndinkaopa kuti kundiitana kuja kunali komaliza.

Chakumapeto timu yathu inali patsogolo pang'ono, koma timu inayo inali ndi mpira ndipo inkayandikira kugoletsa. Unafika mwayi wachitatu, mtunda ukadali wautali. Kochi anagwira phewa la nambala 52. Ulendo uno ndinadziwa koyang'ana. Sindinayang'ane mpira, ndinayang'ana kumapeto kwa mzere.

Takondwa anaima mwendo umodzi patsogolo. Mpira utayamba, chimphona cha mbali yake chinatambasula manja, koma chinali chitatopa. Iye anatsitsa phewa, n'kudutsa kunsi kwa mkono wake. Woponya uja anamuona mochedwa. Takondwa sanamugwetse, anangokhudza malaya, koma munthuyo anaponya mwamantha, mpira n'kukagwera m'manja mwa mnyamata wa timu yathu. Zonsezi zinachitika nthawi yosakwana kumanga mpango.

Bwalo lonse linathamangira uja anawakha mpira. Anamunyamula m'mwamba, dzina lake lili pakamwa pa aliyense. Takondwa anadzuka m'matope mmene anagwera, n'kumayenda pang'onopang'ono kubwerera m'mbali. Sabata yapitayo nanenso ndikanaombera m'manja wowakhayo n'kupita kunyumba. Kochi anatembenuka, anandipeza ndi maso kuseri kwa chingwe, n'kuloza mwana wanga ndi chala. Ndinangogwedeza mutu. Nthungululu inafika pakhosi, koma ndinaibweza, poti lonjezo ndinali nditaliphwanya kale kamodzi.

Nanga inu, ndani amene mukumuyesa waulesi chifukwa choti nthawi yake yolowa m'bwalo sinakwane?

Ndinamudikira pa geti. Anatuluka womaliza, chikwama chili paphewa, matope mpaka m'makutu. Tinayenda mpaka pokwerera basi. Ndinali ndikukonza mawu opepesa pamene iye anayamba, maso ali pamsewu, m'Chichewa chake chopindika chimene ndinali ndisanachimve kwa zaka zambiri.

"Amayi, mwaona?"

"Ndaona, mwanangu."

Kenako anabwerera ku chizungu chake n'kunena kuti ulendo wina ndidzakhale kuseri kwa chingwe. Mwina ankafuna kuti ndimve chidzudzulo. Ine ndinangomva zoti kuli ulendo wina.