Matiresi a a Landilodi

Mng'ono wanga, amene ana a pamalo pathu amamutcha Anti a Laputopu, ali ndi ntchito yovuta kuitchula. Amagwirira pa tebulo lodyera, mwendo umodzi ataupinda pampando, tiyi akuzizira pambali. Munthu ukasaka chinthu pa intaneti, masitolo amabwera atandandalikana, ena pamwamba ena pansi. Iyeyo amakonza tsamba la sitolo imene yamupatsa ganyu kuti izioneka kumtunda. Amasintha mitu, amapeputsa zithunzi, amalemba mawu amene ogula amakonda kusakira. Akatero amangodikira, poti makina osakirawo si ake ndipo samvera munthu.

Matenda ake ndi ofuna kuti aliyense amvetse. Amalume oyendetsa takisi anawauza kuti amapezera anthu malo abwino oimikapo galimoto, iwo n'kugwedeza mutu. Amayi athu anamutopetsa ndi mafunso mpaka anangodula kuti, "Ndimakweza anthu pamwamba, ena n'kutsika." Ine ndinamukalipira pomwepo. Amayi ndi nkhani zili ngati dengu ndi madzi.

Sipanapite nthawi, amayi anakaiyala nkhaniyo poyanika zovala, atathiramo ndi mchere womwe: mwana wawo amakweza munthu, akafuna amamugwetsa. Mawu alibe miyendo koma anatsika masitepe mpaka kwa a landilodi, amene amagulitsa matiresi pansi pa nyumba yathu. Mwatsoka, sitolo yawo inali itasowa pa tsamba loyamba la mndandanda wa pa intaneti uja. Pamwamba panali sitolo ina ya matiresi ya tsidya la msewu, imene mwini wake anali kasitomala wa mng'ono wanga.

A landilodi anabwera masana, nakhala pampando wa amayi osauzidwa. Ndi munthu wamkulu thupi koma wa mawu otsika. Mng'ono wanga anafotokoza zoona zokhazokha. Anati palibe batani logwetsera munthu, iye amangokonza tsamba, zotsalazo amasankha ndi makina. A landilodi anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana denga, makoma, ndi bedi la amayi limene linkaonekera pachitseko.

"Mwanawe, wogwetsa ndi amene amadziwa kudzutsa," anatero. "Nyumba inotu mwana wa achimwene anga akuifunanso."

Tinachita mantha, sindibisa. Amayi mawondo anatha, ndipo nyumba ina ya masitepe ochepa ngati ino sitikanaipeza. Mng'ono wanga anayamba kukonza tsamba la a landilodi mobisa, akudziwa kuti wa tsidya uja akamva amuchotsa ntchito n'kumuipitsira mbiri. Tsambalo linali bwinja: nambala ya foni yakalekale, zithunzi zosatseguka, matiresi amene anasiya kugulitsa. Anakonza zonse, koma palibe chinasuntha. Nsapato zikamveka pamasitepe ankatseka laputopu ngati wagwidwa akuba. Siketi zinayamba kumukhwepa. Ine ndinayamba kupempha makatoni kugolosale n'kumawabisa kuseri kwa kabati kuti amayi asaone.

Kenako m'mawa wina a landilodi anapezeka pamwamba penipeni, wa tsidya uja atatsetsereka. Ndinafuna kuvina, koma mng'ono wanga nkhope inagwa. Anandinong'oneza kuti zimene anakonzazo sizikanawakweza chotero. Eni makina anali atangosintha kasankhidwe kawo, monga amachitira akafuna, ndipo mawa akhoza kusinthanso.

Madzulo ake antchito awiri anakweza matiresi atsopano, mphatso ya amayi. A landilodi anali pambuyo, akumwetulira mano onse. Mng'ono wanga anayesanso kufotokoza, koma anamudula ndi dzanja.

"Ndimadziwa kuti mumangondibisira, mwanawe. Basi, musadzandigwetsenso."

Kuyambira tsiku limenelo, akafunsidwa za ntchito yake amangoti amalemba pakompyuta. Akadzuka, asanapatse moni munthu, amasaka matiresi pafoni kuti aone ngati tikadali ndi pokhala. Amayi akugona bwino, msana unasiya kuwawa, ndipo amadandaula chinthu chimodzi chokha, phokoso akamatembenuka. Mng'ono wanga anakana kuti tichotse pulasitiki wa matiresiwo.