Mtanda wa bambo Mwale wazulidwa kawiri

Lachiwiri m'mawa, ndisanamwe n'komwe tiyi, foni inalira. Anali aNachisale, mayi wachikulire amene timapemphera naye limodzi kuno ku Thamesmead, mumzinda wa London. Sanandipatse ngakhale moni, zomwe sachita.

"Amake Tiyamike, azulanso."

"Azula chiyani, mayi?"

"Mtanda wa abambo anu. Azulanso."

Akati "abambo anu" amanena malemu amuna awo, bambo Mwale, amene ine sindinawaoneko ndi maso. Koma poti nonsenu simuwadziwa mayiwa, ndiyambe ndakufotokozerani, kuti mumve chimene chinandithamangitsa wosasamba bwino tsiku limenelo.

ANachisale anabadwira papulazi ya fodya cha ku Karoi, ku Zimbabwe. Makolo awo anachoka ku Dedza wapansi kukafuna ntchito, osabwereranso. Amuna awo ankayendetsa thirakitala papulazi yomweyo, ndipo atamwalira anaikidwa m'manda a kuseri kwa komboni. Anzawo a kugalaja anawawotcherera mtanda wachitsulo, wolemera, woti chiswe chingoyang'ana. Mayiwa ankapita kukasesa pamandapo mvula isanagwe, monga timachitira tonse.

Kenako mapulazi aja analandidwa, antchito n'kumwazikana ngati nkhuku zaona mphamba. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino kuno, anawaitanitsa. Atakhala chaka, uthenga unabwera wochokera kwa mdzukulu wawo: manda aja alimidwa, mitanda yachitsulo yazulidwa n'kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale. Pamene pagona bambo Mwale lero pali chimanga.

Tangoganizani, abale anga. Kukhala ndi malemu wako koma wopanda polirira.

Mwana wawo uja, pofuna kuwatonthoza, anakapempha kukhonsolo kuti aike benchi yachikumbutso m'paki ya pafupi ndi kumene timakhala, moyang'anana ndi kanyanja kaja ka abakha. Analola. Pabenchipo anakhoma kachitsulo konyezimira kolembedwa dzina ndi zaka. Koma lamulo lawo likuti pabenchi ya m'paki sipaikidwa chizindikiro cha chipembedzo chilichonse. Mwanayo anavomera mwakachetechete, amayi ake osawauza.

Mayiwa atakaiona benchiyo anaiyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Ndiye mwangolemba dzina ngati pa envelopu? Adziwa bwanji anthu kuti munthuyu ankapemphera?" Sanakangane ndi aliyense. Anangopita kwa mmisiri wina wa kutchalitchi kwathu, wa ku Chipata, nawapangira kamtanda kathabwa kotalika ngati chikhatho ndi theka. Anatenga hamala ndi misomali, nkhalamba yathunthu, n'kukakhoma okha kumsana kwa benchi.

Sabata isanathe, mtanda palibe. Mpamene foni yanga inalira.

Ine mukundidziwa, pakamwa panga sipachedwa kutentha. Ndinavala jekete, kukawatenga mayiwa, ulendo wa kukanyumba ka osamalira paki. M'njira monse ndinkakonza Chizungu cha ndewu m'mutu, chija chimabwera bwino ukakhala wekha n'kuthawa ukafika. Ndipo mfundo ndinali nazo zakupsa.

Lamlungu lomwelo, pochokera kutchalitchi, tinali titadutsa pachipilala cha asilikali ophedwa kunkhondo. Kunali mwambo wa chaka ndi chaka uja wa mwezi uno wa Novembala. Meya anali pomwepo ndi unyolo wake m'khosi, m'busa atavala mkanjo akutsogolera pemphero, ndipo pa udzu, malo a boma enieni, anali atazika timitanda tathabwa tokhala ndi duwa lofiira. ANachisale anaima nthawi yaitali akutiyang'ana timitandato.

Ndiye mundiuze: dziko limene Mfumukazi yake ndiye mutu wa mpingo, limene mabishopu amakhala m'nyumba ya malamulo, lingachite mantha ndi kathabwa ka mayi wamasiye? Mtanda wa msilikali ndi mtanda, koma wa woyendetsa thirakitala ndi chinyalala?

Zonsezi ndinazikhuthulira bambo amene tinamupeza pakanyumba paja, mzungu wachikulire wa manja okhakhala, naye atabaya duwa lofiira lija pajekete. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Ndinachotsa ndine, mayi."

Haa! Ndinkayembekeza kuti anena kuti sakudziwa, kapena atitumize kuofesi ina monga amachitira. Munthu akavomera yekha, ndewu imasowa pogwira.

Anafotokoza mosakweza mawu. Anati lamulolo sanapange ndi iye, koma amalimvetsa. Benchi ndi ya aliyense amene watopa, Mkhristu, Msilamu, Mhindu, ngakhale wosapemphera. Akasiya mtanda lero, mawa wina abwera ndi chake, mkuja wina abwera ndi mbendera ya kagulu kaja kodana ndi ife obwera, ndipo iye adzasowa chomukanira. Anatinso anaonapo zinthu zopatulika zitasiyidwa pabwalo, achinyamata oledzera n'kuzipaka utoto ndi zina zosatchulika, ndipo sanafune kuti mwini mtandawo adzaupeze uli choncho. Za timitanda ta kuchipilala anati nato sitikhalitsa, pakapita masabata amatitola, ndipo ndikadzayang'anitsitsa ndidzaona kuti pakati pake pamakhala tina tosemedwa ngati mwezi ndi tina ngati nyenyezi, poti ofera kunkhondo sanali Akhristu okha.

ANachisale anandikoka jekete. "Akuti chiyani? Mundifunsire chimodzi chokha. Anautaya kuti?"

Ndinafunsa. Bamboyo analowa m'kati. Ndinamva kabati ikutseguka. Anatuluka ndi kanthu kokulungidwa m'thaulo loyera, n'kuvundukula. Mtanda uja, wathunthu, misomali ataiwongola n'kuimanga pambali ndi kalabala.

"Sindikanauponya m'bini," anatero. "Ndimadikira mwini wake."

Anaupereka ndi dzanja limodzi, monga achitira kuno. Mayiwa anapinda mawondo, mawondo omwe aja amawavutitsa pokwera basi, n'kuulandira ndi manja awiri. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ndinamuuza bamboyo za pulazi, za chitsulo chogulitsidwa, za chimanga. Anangovula chipewa, mutu wadazi uli pamphepo ya Novembala, mpaka mayiwa atamaliza kukulunga mtanda wawo m'chitenje.

Lamulo silinasinthe. Musaganize kuti nkhaniyi ithera poti anatilola, ayi. Tinabwerera ndi mtanda m'manja.

Kuyambira Lachiwirilo mutu wanga sukupuma, chifukwa ndikufuna wolakwa ndipo sindikumupeza.

ANachisale sanalakwe. Kwa ife mtanda wa pamanda si chokongoletsa, ndipo si chokopera anthu kumpingo. Ndi umboni. Umanena kuti apa pagona munthu amene anabatizidwa, anaimba m'kwaya, anaikidwa ndi nyimbo, osati kukwiriridwa ngati galu. Mayi amene analandidwa manda, kenako n'kuuzidwa kuti kathabwa kake kakusokoneza anthu, mumuuza chiyani kuti amve? Mawu oti "malo a anthu onse" kwa iye amamveka ngati "malo a anthu onse kupatula iwe".

Komanso bambo wa paki uja sanalakwe. Ndipo apa ndikufuna tilankhulane ife Akhristu a kwathu, popanda kupsa mtima.

Kwathu tinazolowera kuti boma ndi tchalitchi zimadyera mbale imodzi. Msonkhano wa makolo kusukulu ya boma, pemphero. Kutsegulira mjigo, pemphero. Ngakhale kukambirana za dipi ya ng'ombe, wina aimirire atitsogolere. Ndipo timati n'zabwino, poti pempherolo ndi lathu. Ndinkagwira ntchito ndi mayi wina wa ku Mangochi pachipatala cha boma, Msilamu wosaphonya swala. M'mawa uliwonse tinkayamba ndi korasi ndi pemphero lomaliza m'dzina la Yesu, iye ataweramitsa mutu mwaulemu, ali duu. Ndani mwa ife anamufunsapo kuti zikumukhalira bwanji? Tinkangoti ndi mmene zimakhalira.

Lero ndife amene taweramitsa mutu kwa eni, ndipo tayamba kumva mmene khosi limawawira. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye ndikamva anzathu ena kutchalitchi akufuula kuti dziko lino ladana ndi Mulungu, ati tichite zionetsero, ndimati tadekhani. Funso ndi lakuti, tikufuna kuti aliyense aloledwe chizindikiro chake, kapena tikufuna chathu chokha? Mawa pabenchi yoyandikana ndi ya bambo Mwale atakhoma mwezi ndi nyenyezi, kapena kafano ka mikono yambiri, tidzakhalapo mosangalala n'kudya tchipisi tathu? Ena a ife, tinene zoona, tingayambe kuthira mafuta odzozera ndi kudzudzula ziwanda pakiyo isanatsegulidwe.

Komabe a khonsolo nawo ndili nawo mawu. Kufafaniza zonse n'kosavuta, koma si chilungamo chokhacho chimene chilipo. Ngati kuchipilala anapeza nzeru yoti mtanda, mwezi ndi nyenyezi ziime pa udzu umodzi kwa kanthawi popanda wovulala, nzeru yomweyo yalephera bwanji kufika pabenchi? Kachizindikiro kakang'ono ngati chikhadabo, kozokotedwa pambali pa dzina, aliyense chake, kangagwetse ufumu? Amene analemba lamuloli ankaganiza za anthu amene ali ndi manda awo kutsidya kwa msewu, oti benchi ndi chowonjezera chabe. Sanaganize za munthu amene benchiyo ndiyo manda okhawo amene watsala nawo. Ndipo anthu otere mumzinda muno tadzaza: a ku Zimbabwe, a ku Somalia, a ku Congo, aliyense ndi malemu wake amene sangathe kukamusesera.

Pali kusiyana kumodzi kumene sindikufuna kuti kutayike m'mkangano umenewu. Mtanda wa bambo Mwale wazulidwa kawiri. Oyamba anaugulitsa pasikelo. Wachiwiri anaukulunga m'thaulo n'kudikira mwini wake. ANachisale kusiyana kumeneku anakuona msanga kuposa ine, amene ndinali kalikiliki ndi Chizungu changa.

Loweruka ndinawaperekeza kupaki. Anatenga tsache, lenileni la kwathu, limene anagula kusitolo ya Anaijeriya ku Woolwich. Anayamba kusesa mozungulira benchi. Abale, kusesa masamba mu Novembala ku London! Ukasesa kuno, mtengo wathira uko. Ndinawaseka kuti, "Mayi, mukupikisana ndi mtengo, mupambana?" Anati, "Inu khalani pansi, ntchito simuidziwa."

Atamaliza anamasula chitenje, kutulutsa mtanda, kuuimika pabenchi n'kuutsamiritsa ndi chikwama chawo. Tinaimba nyimbo imodzi motsitsa. Anawauza amuna awo nkhani za sabata yonse: kuti mdzukulu wayamba kuyankha m'Chizungu chokhachokha, kuti bondo likuvuta, kuti kuno dzuwa likulowa anthu asanaweruke. Mayi wina wovala mpango wa Chisilamu anafika ndi mwana m'kangolo, n'kukhala kumapeto kwa benchi yomweyo kuti amumwetse mkaka. Anauona mtandawo, anationa ife, anagwedeza mutu mopereka moni. ANachisale anasendeza chikwama kuti mlendoyo akhale bwino.

Bambo wa paki uja anadutsa chapatali ndi wilibala yake. Anakweza dzanja. Za mtanda wosakhomedwa lamulo lake silinena kanthu.

Kuzizira kutatilowa m'mafupa, mayiwa anautenga mtanda uja, kuupukuta ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kuubwezera m'chikwama pamodzi ndi khadi la basi ndi mankhwala a bondo.

"Uwu sadzazulanso munthu," anatero. "Ndizizula ndekha."

Ndinati nkhani yatha bwino, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma tili pa siteji kudikira basi, anandigwira dzanja, osandiyang'ana.

"Amake Tiyamike, panopa ndikutha kuyenda. Nanga miyendoyi ikadzakana, kapena ndikadzatsikira kuli chete, adzaunyamula ndani Loweruka? Mwana wanga amagwira ntchito usana ndi usiku. Adzukulu sadziwa n'komwe kugwira tsache. Padzangotsala dzina la pa envelopu lija."

Basi inabwera, tinakwera, mtanda uli pamiyendo pawo.

Funso limenelo si la khonsolo lokha ayi. Ife amene timadzaza holo Lamlungu lililonse, okonzeka kuguba mpaka kunyumba ya malamulo kukamenyera mtanda, paja timati maliro n'kulirana. Ndani mwa ife adzadzuke Loweruka lozizira, kukwera basi ndi tsache, kukaimika mtanda wa bambo Mwale?